Katundu wadzaza m'kachipinda ka malemu amayi, ndiyambire pati?

Mayi a Tadala, Chilomoni

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino. Amayi anga anatisiya chaka chatha, ndipo titakumana ngati banja tinagwirizana kuti ine ndi ana tilowe m'nyumba yawo kuno ku Chilomoni. Zovala ndi ziwiya zabwino tinagawana kale monga mwa mwambo. Chomwe chinatsala ndi kachipinda kakuseri komwe aliyense ankangokalambalala. Dzulo ndalimba mtima n'kutsegula.

Muli zigubu za mafuta ophikira, zinayi za malita 20 ndi zina zisanu ndi ziwiri za malita 5. Muli matayala asanu a galimoto ya malemu bambo, mabeseni osweka, masefuliya obooka, matumba a feteleza osawerengeka, mabotolo a Sobo, masikito atatu akale, nsanza thumba lodzaza, firiji yakufa, bedi lachitsulo lopanda matabwa, ndiponso mtsuko wawo wa madzi akumwa womwe unang'aluka m'mbali.

Achimwene anga akuti tiitane lole zonse zipite kudzala la mzinda ku Mzedi, zotsalazo tiwotche. Mtima wanga ukukana, chifukwa amayi sankasunga chinthu popanda chomwe ankachiganizira. Komanso sindingabise, makoswe amanga mudzi m'menemo. Kuseri kuli kabwalo kakang'ono kotsetsereka, nthaka yake ya miyala yokhayokha, ndipo ndakhala ndikulakalaka kudzala ndiwo zamasamba. Amene mukudziwa, ndithandizeni nzeru.

Agogo NaPhiri, Ntcheu

Pepa mwanawe ndi zovutazo. Kutsegula chitseko chimenecho si ntchito ya manja okha, ndikudziwa chifukwa ndinadutsamo amuna anga atamwalira.

Usayambe ndi kufunsa kuti ichi ndipange nacho chiyani. Tulutsa zonse pabwalo tsiku la dzuwa, sesa chipindacho, kenako unjika milu itatu. Mulu woyamba ukhale wa zinthu zomwe ukudziwa ntchito yake ndi tsiku lomwe uigwire. Wachiwiri wa zomwe munthu wina angagule kapena kulandira ndi manja awiri. Wachitatu wa zomwe zatheratu. Chinthu chomwe ukungoti "chidzagwira ntchito tsiku lina" osatchula ntchitoyo, chimenecho si cha mulu woyamba ayi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ndi momwe kachipindako kanadzadzira. Mtsukowo uike pambali, usaukhudze kaye, ndidzakuuza pambuyo.

Mlangizi Wopuma, Dedza

Mayi a Tadala, malo a miyala asakudandaulitseni, dimba lanu lili m'matumba a feteleza amenewo. Ndaphunzitsa amayi ambiri njira iyi pamene ndinali pa ntchito.

Tengani thumba la makilogalamu 50, mulipinde m'kamwa mpaka litsale lalifupi ngati beseni. Pezani chitini chachikulu, muchidule kumwamba ndi pansi kuti chikhale ngati paipi. Chiimikeni pakati pa thumba n'kuchidzaza ndi timiyala, tomwe mwati muli nato tambiri. M'mbali mwa chitinicho thirani dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, magawo awiri a dothi, gawo limodzi la manyowa. Mukafika pakamwa pa chitini, chikokeni m'mwamba pang'ono, timiyala titsale m'munsi, mudzazenso, mukufunyulula thumba pang'onopang'ono mpaka lidzaze. Mapeto ake mukhala ndi msana wa miyala pakati pa thumba kuchokera pansi mpaka pamwamba. Madzi mumathira pa miyalapo ndipo amafika mbali zonse, osangonyowetsa pamwamba pokha.

Kenako chekani timabowo m'mbali, motalikirana ngati chikhatho ndi theka, mosinthanitsa mizere kuti mbande ina isaphimbe inzake. M'mbalimu wokerani mpiru, repu kapena chayinizi. Pamwamba ikani anyezi kapena tomato mmodzi. Thumba limodzi limanyamula mbande 15 mpaka 20 bwinobwino. Matumba asanu akukwanirani pa banja. Dziwani kuti dzuwa limadya matumbawa, ndiye likayamba kuyoyoka musadabwe, mudzangosamutsira dothilo m'thumba lina. Muli nawo ambiri.

Mayi a Tadala, Chilomoni

Zikomo agogo, mawu anu andikhazika mtima pansi. Bambo mlangizi, dothi labwino ndikalitenge kuti poti pano ndi miyala? Ndipo madzi a pampopi ndi odula, ndingathirire ndi otsukira mbale?

Mlangizi Wopuma, Dedza

Yang'anani padzala pomwe amayi ankataya zinyalala za kukhitchini. Ngati akhala pamenepo zaka zambiri, pansi pake pali dothi lakuda loposa lomwe mungagule. Likumbeni, mulisefe ndi sefuliya yobooka ija mutaiwonjezera mabowo ndi msomali, muchotse magalasi, mabatire ndi mapulasitiki. Madzi otsukuluzira mbale, otsukira mpunga ndi ndiwo, onsewo ndi abwino. Pewani amafuta ambiri, a sopo waufa wambiri, a Jik, ndi ochapira matewera a mwana. Muthire pa miyala paja, osati pamasamba omwe mudzadye.

Mmisiri wa ku Ndirande

Mayi, ine ntchito yanga ndi yokhoma zidebe ndi mbaula, ndiye ndilankhulepo za zitsulo. Masefuliya musawaweruze onse pamodzi. Yomwe yabooka pamodzi kapena pawiri timaimata, ndipo ngati pansi pake patha timadula n'kuikapo pansi pena, imaphikanso zaka. Yomwe yapyapyala ngati pepala ndiyo ipite kosefera dothi kapena kofesera mbewu.

Bedi lachitsulo ndi chuma. Mukaliimika pa njerwa n'kumangapo nsungwi kapena waya wa nkhuku, mwapeza thandala loyanikapo mbale lomwe chiswe sichingadye. Kapena liimikeni chilili kukhoma muyangitsepo magalagadeya. Lipaleni dzimbiri ndi burashi yawaya, mulipake penti, basi.

Koma za firiji ndimvereni bwino. Musatsegule mapaipi akumbuyo nokha, muitane wokonza mafiriji. Nthawi zina chomwe chafa ndi kanthu kakang'ono, ndipo ngati yafadi iye yemweyo amagula injini yake. Bokosi lotsalalo ndi kabati yabwino yosungiramo ufa, shuga kapena chakudya cha nkhuku, khoswe salowamo. Chofunika ndi chitseko. Ana akamasewera chibisalirano amalowa m'firiji zakufa, ndipo m'menemo mpweya sulowa, kukuwa kwawo sikumveka kunja. Mwina muikepo loko ndipo kiyi muzisunga inu, apo ayi chotsani chitsekocho. Musaisiye pabwalo ngakhale usiku umodzi ili ndi chitseko.

Nachisale, Area 25

Za firijizi ndi zoona, ine sindinaganizepo. Kwathu ilipo pakhonde ndipo ana a aneba amasewera pomwepo. Ndikukachotsa chitseko lero.

Zigubu za malita 5 zija, chimodzi pangani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Mumaboola kabowo kumtunda kwa chigubu ndi msomali wotentha, n'kuchipachika pa ndodo yopingasa, kumanga chingwe pakamwa pake kutsikira ku kamtengo kopondapo. Mukaponda chimapendekeka, madzi n'kutuluka, simugwira kanthu ndi manja akuda. Sopo mumamumangirira pambali ndi chingwe. Pansi pake thirani timiyala kuti pasachite matope. Ife tinapanga nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023 ndipo mpaka lero tikugwiritsa ntchito, tangosintha chigubu kamodzi. China muboole chotsekera chake timabowo tambiri, chimenecho ndi kheni yothiririra nazale, madzi ake amagwa mofewa osakumba mbewu.

Namwino wa ku Zomba

Mayi a Tadala, musanatsuke botolo lililonse ndikupempheni chinthu chimodzi. Muwanunkhize chapatali ndi kuwayang'ana onse limodzilimodzi. M'zipinda za makolo athu mumakhala mabotolo a zakumwa momwe anathiramo palafini, mankhwala a mbewu kapena a makoswe, osalembapo kanthu. Ku wodi ya ana ndaonapo ana ang'onoang'ono atamwa palafini poyesa madzi chifukwa anali m'botolo la chakumwa chomwe amachidziwa. Sindifuna kuti nkhani yabwino ngati iyi idzathere kumeneko.

Chilichonse chomwe munakhalapo mankhwala a kumunda, kaya ophera tizilombo, ophera udzu kapena othira m'chimanga, chisalowemo madzi akumwa, mafuta, mchere, thobwa kapena chakudya cha ziweto, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Pulasitiki amamwa mankhwalawo. Chibooleni kuti wina asadzachitole n'kukatungira madzi. Mapiritsi akale mukawapeza musatayire padzala pomwe ana amatola, pitani nawo kuchipatala mukawapatse a kumankhwala.

Mayi a Tadala, Chilomoni

Anamwino, mwandiopsa koma mwandithandiza. Ndapitanso kukayang'ana ndipo ndapeza mabotolo awiri okhala ndi madzi achikasu onunkha mwamphamvu, komanso kachitini ka Actellic, mankhwala othira m'chimanga aja, komwe katsala ufa pang'ono. Ndaziika pamwamba pa khoma pomwe Tadala sangafikire. Chigubu chimodzi cha malita 5 chikununkha dizilo.

Mlangizi Wopuma, Dedza

Mwachita bwino. Mabotolo awiriwo musawakhuthulire m'ngalande kapena m'chimbudzi, madzi a kwanuko amatsikira kumitsinje komwe ena amachapa ndi kutunga. Apititseni kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuuzeni zochita. Cha dizilocho mpatseni wa minibasi kapena wa chigayo, kwa iye n'chothandiza, kwa inu ayi.

Zinayi zazikulu zija, ngati munali mafuta ophikira okha, musayerekeze kugulitsa. Zitsukeni ndi madzi otentha ndi phulusa, ziume masiku awiri chozondoka, muzisungiramo nyemba, nandolo kapena chimanga popanda mankhwala. Chinsinsi chake n'chofanana ndi cha matumba a PICS aja osungiramo mbewu, osalowa mpweya: anankafumbwe amapuma ngati ife, ndiye mukadzaza chigubu mpaka pakamwa n'kutseka kuti mpweya usalowe, amatha mpweya womwe watsalamo n'kufa okha pamodzi ndi mazira awo. Ikani kapepala kapulasitiki pakamwa musanapotokole chotsekera kuti chigwire bwino, ndipo musamatsegule kawirikawiri, makamaka mwezi woyamba.

Mbewuzo zikhale zouma kwenikweni, apo ayi zidzachita nkhungu. Kuti mudziwe, tengani botolo lagalasi louma, muikemo mbewu zodzaza dzanja ndi mchere wouma masipuni awiri, mutseke n'kukhutchumula, mulisiye kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chinyezi chikadalipo, kayanikeninso.

Achimwene a ku Joni

Alongo, ndikupepesa pa maliro. Ine ndiikire kumbuyo achimwene anuwo pang'ono, chifukwa ndikuona ngati tonse tikuwasiya okha. Munthu akati titaye, nthawi zina watopa ndi kuona zinthu zomwe zikumukumbutsa malemu. Komanso makoswe mwawatchulawo amaitana njoka. Zimenezo si zazing'ono pakhomo pa ana.

Kuno ku Johannesburg ndimakhala m'chipinda chimodzi, ndipo ndinaphunzira kuti malo nawonso ndi katundu. Kachipinda kanuko kakayera mutha kuikamo mwana wasukulu wa lendi kapena makina osokera. Ndiye musasinthe kachipinda kodzaza n'kukhala ndi bwalo lodzaza. Kuno kuli anthu omwe amakoka ngolo m'misewu m'mamawa kutola mabotolo, zitini ndi makatoni n'kukagulitsa pa sikelo, amadyetsa mabanja ndi zimenezo. Kwathunso ogula zitsulo zakutha alipo, amayi ogulitsa thobwa amafuna mabotolo a Sobo. Sungani khumi, enawo apite kwa amene awagwiritse ntchito mawa lomwe.

Agogo NaPhiri, Ntcheu

Wanena zoona mwana wa ku Joni. Ndi chifukwa chake ndinati milu itatu, osati umodzi. Ndipo iwe make Tadala, achimwene akowo uwaitane tsiku lotulutsa katundu, usawauze pafoni zomwe wasankha kale. Amayiwo anali a nonse.

Yamikani, wophunzira ku Bunda

Moni makolo. Ine pa zowotcha ndiye ndikupempha kuti ayi. Utsi wa matayala, matumba ndi mabeseni apulasitiki ndi woipa m'chifuwa, ndipo ku Chilomoni nyumba zili pafupipafupi, mpweya womwewo apuma ndi makanda a aneba. Phulusa lakenso silingapite kudimba.

Mabotolo a malita awiri aja amathandiza kwambiri mwezi wa Okutobala. Boolani timabowo tiwiri kapena titatu pa chotsekera ndi singano yotentha, dulani pansi pake, mulizike chozondoka pafupi ndi tsinde la tomato, mudzaze madzi. Amadontha pang'onopang'ono kumizu, ndiye mukapita ku ntchito m'mawa mbewu simazipeza zitafota. Mukawadula pakati, theka lapansi ndi chubu chofeseramo mitengo, longofunika kuboola pansi. Mapaketi a Chibuku nawonso amagwira ntchito yomweyo.

Majumbo opyapyala ndiwo ovuta, ntchito yake yachiwiri ndi yochepa kupatula mpira wa chikulunga. Boma linawaletsa mu 2015, onse ochepera ma micron 60 pa muyezo wa kukhuthala kwake, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma m'ngalande zathu akadali mbwee. Mbuzi zimawadya, opha nyama amawapeza atapotana m'chifu. Amene muwapeze m'chipindamo muwaunjike m'thumba limodzi n'kumanga, asauluke.

Ndimakonda kukumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga, chopemerera mphepo cha thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Tadala mumusiyireko mawaya ndi zotsekera mabotolo, apange galimoto zake.

Nachisale, Area 25

Nanga matayala? Ine ndinadzalamo tomato chaka chatha anabereka bwino, koma mlamu wanga akuti mphira imatulutsa poizoni m'dothi. Ndasokonezeka.

Mlangizi Wopuma, Dedza

Mayi Nachisale, alamu anuwo sakulakwa kwenikweni. Tayala likamakalamba padzuwa limanyenyeka pang'onopang'ono, ndipo zomwe analipangira si zinthu zomwe munthu angafune m'mbale. Tomato wa chaka chimodzi asakudetseni nkhawa, koma ine ndikakhala ndi matumba, mabeseni ndi matayala, ndiwo ndimaika m'matumba ndi m'mabeseni, matayala ndimawapatsa ntchito ina. Mbatata, karoti ndi zina zomwe timadya mizu ndiye sindiikamo n'komwe. Vuto lina ndi kutentha, tayala lakuda mu Okutobala limaphika mizu, mpaka mutalipaka laimu.

Kwa Mayi a Tadala matayalawo ali ndi ntchito yoposa imeneyo, poti ati bwalo lawo ndi lotsetsereka. Akumbireni pansi theka, limodzi kumtunda kwa linzake ngati makwerero, mudzaze miyala ndi dothi n'kutsendera kwambiri. Mwapeza masitepe osaterera nthawi ya mvula, ndipo madzi othamanga amachepa mphamvu, sakokolola dothi. M'mbali mwake dzalani udzu wa vetiva. Ndisakunamizeni, zimenezi ndi za madzi a pabwalo, sizingaimitse phiri monga tinaonera ku Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Koma ngalande yomwe imakumbika chaka ndi chaka pakhomo imatha.

Namwino wa ku Zomba

Ndiwonjezerepo apa. Tayala lililonse lomwe simunalidzaze dothi libooleni kuti madzi asaime m'kati. Chimodzimodzi mabeseni, zitini ndi mabotolo odula aja a Yamikani, muwaphimbe ndi kansalu. Udzudzu umangofuna madzi oima sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono kuti uswane. Tisamange dimba n'kumangiranso udzudzu nyumba.

Mmisiri wa ku Ndirande

Limodzi mwa matayalawo mundisungire ngati lili ndi mphira yokhuthala, anzanga osoka nsapato amadula zidendene. Ndipo ngati mwapezamo machubu akale, amenewo ndi malegeni, mudula timizere n'kumangira bedi lija, mpanda, ngakhale paipi yodontha. Pakhomo popanda legeni mumavutika ndi tizinthu tating'ono.

Amake Mwai, Chipata

Muli bwanji abale a ku Malawi. Kuno ku Chipata masikito akale timaphimbira nazale kuti nkhuku ndi ziwala zisadye mbande. Kodi ndi zolakwika? Ndimamva ena akudzudzula.

Namwino wa ku Zomba

Amake Mwai, chomwe timadzudzula ndi kutenga neti yatsopano yomwe mwalandira kuchipatala n'kukaphimbira tomato pamene ana akugona pamtunda. Neti imathandiza pafupifupi zaka zitatu. Ngati yangong'ambika pang'ono isokeni mupitirize kugonamo. Ikatheratu, ndipo aliyense m'nyumba ali ndi ina yogonamo, kuphimbira nazale kulibe vuto. Koma ntchito yomwe ine ndimaikonda kwambiri ndi kuidula n'kuikhomera m'mawindo ndi m'mipata ya pakati pa khoma ndi denga, chifukwa ikupitirizabe kutchinga udzudzu. Zoletsedwa ndi ziwiri: kuphera nsomba, poti imakokolola ndi tiana tomwe komanso mankhwala ake amapha za m'madzi, ndi kuiwotcha pabwalo. Musayanikirenso chakudya mwachindunji pa netiyo.

Agogo NaPhiri, Ntcheu

Palibe wanenapo za nsanza, ndiye ndinene ine, poti ndi zomwe zimandisungira makala.

Pezani dengu lakuya kapena katoni yolimba. Pansi yalani nsanza zochapa bwino, zokhuthala ngati pilo. Ikani poto wanu wa nyemba pakati ali wozizira kuti muyeze malo, mutsendere nsanza zina m'mbali monse mpaka poto akhale ngati dzira m'chisa. Sokani kapilo kena kophimba pamwamba. Tsiku lophika, nyemba zomwe mwaviika usiku muziwiritse pambaula zibwadamuke kwenikweni kwa mphindi 30, osachepera, ndi chivundikiro chogwira bwino. Kenako muphule msanga osavundukula, mulowetse m'chisa chija, muphimbe. Pitani kutchalitchi, kumsika, komwe mukufuna. Pakatha maola anayi mudzazipeza zapsa ndipo zikadali zotentha, mungotenthetsanso pang'ono pothira tomato. Makala omwe mukanayatsa kawiri mwayatsa kamodzi. Mpunga umangofuna mphindi zisanu pamoto, wotsalawo umapsera m'dengu ndipo supserera.

Zidutswa za zitenje zowala musaike m'dengu. Dulani timizere totalika ngati chala, mutenge thumba la feteleza lochapa, muzilowetsa kamzere kalikonse ndi kawaya kopinda n'kumanga mfundo, moyandikana mpaka thumba lisaoneke. Chimenecho ndi chopondera pakhomo. Ine ndili nacho chomwe ndinapanga ndi malaya a amuna anga, ndipo sindinachiike pakhomo ayi, chili pambali pa bedi pomwe ndimaponda ndikadzuka.

Mayi a Tadala, Chilomoni

Agogo, mwandiliza. M'thumba la nsanzalo muli zidutswa za chitenje cha chigwirizano chomwe amayi ankavala Lachinayi lililonse. Sindinkadziwa chochita nazo, kutaya sindikanatha, kuvala sizingatheke. Tsopano ndadziwa.

Munati mudzandiuza za mtsuko.

Agogo NaPhiri, Ntcheu

Eya mwanawe. Mtsuko wong'aluka sutayidwa. Ukanasweka pakati ukanakhala phale lokazingira mtedza kapena momwera nkhuku. Koma poti wangong'aluka, ukwirire pansi mpaka m'khosi pafupi ndi mtengo womwe ukufuna kuti ukule, uzithiramo madzi n'kuvundikira. Ukudziwa momwe mtsuko umachitira thukuta kunja kuti madzi azizire? Thukuta lomwelo pansi pa nthaka ndi lomwe mizu imamwa. Dothi likauma umatulutsa ambiri, likanyowa umasunga. Amayi ako anamwetsa ana awo ndi mtsuko umenewo zaka zonsezi, ungathe kumwetsanso mtengo.

Mlangizi Wopuma, Dedza

Agogo anena zomwe ife tinkaphunzitsa ndi mabuku. Ndingowonjezera kuti mng'aluwo muumate kunja ndi simenti pang'ono kapena phula, apo ayi madzi adzathera pamenepo tsiku limodzi m'malo motuluka pang'onopang'ono thupi lonse. Musaupake penti. Mtengowo udzalidwe motalikira ngati phazi limodzi ndi theka kuchokera pa mtsuko, kuti mizu ikakula isauphwanye msanga. Chivundikiro chikhale cholemera, mbale yakale ndi mwala pamwamba.

Ndipo poti matumba atsalabe, mapepala apulasitiki a m'kati mwake musawataye ngati sanabooke. Ndi omwe timapangira manyowa a Mbeya: zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi zouma zopunthapuntha, gaga, phulusa la nkhuni losefa ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi mpaka zigwirane mukafumbata koma osadontha, kutsendera m'pulasitiki m'kati mwa thumba, kumanga kuti mpweya usalowe, n'kusiya pamthunzi masiku 21. Miyezo yake alangizi amasiyana pang'ono malinga ndi zomwe zilipo m'dera, ndiye mukafika pamenepo mundiuze zomwe muli nazo ndikuwerengereni.

Achimwene a ku Joni

Za mtsukozo ndakhala chete. Amayi anga ali nawo wotere ku Mangochi, ndiwaimbira madzulo.

Mayi a Tadala, Chilomoni

Moni nonse, papita milungu itatu ndiye ndati ndibwere ndikuuzeni momwe zayendera.

Achimwene anabwera Loweruka lija ndi ana awo awiri. Poyamba sankalankhula, koma atapeza jeke ndi masipanala a bambo pansi pa matumba anakhala pansi nthawi yaitali. Zimenezo atenga iwo. Masitepe a matayala akumba okha, anayi, lachisanu ndasungira bambo a ku Ndirande pamodzi ndi masefuliya atatu oti amate, ndibwera nawo Lachiwiri. Firiji wokonza anati yafadi, anagula injini, ndipo ndalama yake ndagulira loko ndi mbewu ya mpiru. Muli ufa ndi shuga tsopano. Mabotolo awiri aja ndi kachitini ndinakasiya kwa alangizi. Mabotolo a Sobo ndasunga khumi, ena onse anatenga mayi wina wogulitsa thobwa pamsika. Zomwe zinatheratu zinakwana matumba atatu okha, lole sinafunike, ndipo sitinawotche kalikonse kupatula zisa za makoswe.

Matumba a ndiwo ndapanga anayi. Limodzi linagwa chifukwa sindinasalaze pansi, ndinalidzazanso n'kulitchinjiriza ndi njerwa. Mpiru wagwira, koma masamba apansi m'thumba lina akuchita chikasu, bambo mlangizi mundiuze ngati ndikuthirira mopitirira. Nyemba za m'dengu ulendo woyamba zinatuluka zolimba, ndinaona kuti chivundikiro chinali chosagwira, ulendo wachiwiri zinapsa bwino. Chopondera ndafika theka, ndimasoka usiku ana akagona.

Mtsuko tinaukwirira Lamulungu titachoka kutchalitchi, pakona pomwe amayi ankakonda kukhala posenda nandolo. Achimwene anamata mng'alu ndi simenti, Tadala anadzala kamtengo ka mandimu komwe azakhali anatipatsa. Ndimaudzaza masiku anayi alionse. Ntchito yovundukula ndi kuyang'ana ngati madzi atsika Tadala waitenga kukhala yake, ndipo m'mawa uno wabwera akuthamanga kudzandiuza kuti katuluka timasamba tiwiri tatsopano.

Mlangizi Wopuma, Dedza

Masamba achikasu apansiwo ndi madzi ochuluka, Mayi a Tadala. Boolani timabowo tinayi pansi penipeni pa thumbalo, mudumphe tsiku limodzi osathirira, ndipo achikasuwo muwathothole. Munditumizire chithunzi Lachisanu ndione ngati asintha.